Shifaa ndi Afiya: Mbiri ya Ana Amene Anachira Khansa n'Kukula

Tiyamika Allah, Mwini moyo ndi imfa, ndipo tipempha kuti madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Tikapita kukazonda wodwala, pali mawu awiri a Chiarabu amene sasowa m'duwa zathu: shifaa ndi afiya. Ambiri timawatchula motsatizana ngati kuti tanthauzo lake ndi limodzi, koma odziwa chilankhulo amawasiyanitsa. Shifaa ndi kuchoka kwa nthenda. Afiya ndi yotakata kuposa pamenepo, pakuti ndi kukhala wotetezeka m'thupi, m'nzeru, m'banja ndi m'chipembedzo, kotero kuti munthu atha kugwira ntchito, kupembedza ndi kukhala pakati pa anzake popanda chomupinga. Mbiri ya chithandizo cha khansa ya ana ikuonetsa kuti mawu awiriwa ndi osiyanadi. Madokotala anatha zaka pafupifupi 30 akufunafuna shifaa. Ataipeza, ana amene anawachiritsawo anakula, ndipo matupi awo ndiwo anaphunzitsa madokotalawo kuti afiya inali isanapezeke.

Nthenda ya nkhanu

Asing'anga akale a Chisilamu ankaidziwa khansa, ndipo ankaitcha saratan, kutanthauza nkhanu, monga momwe Agiriki anaitchulira iwo asanabwere. Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, analangiza m'buku lake la al-Qanun kuti chotupa chotere chichotsedwe chonse chidakali chaching'ono. Al-Zahrawi wa ku Cordoba anavomera poyera kuti chikakula ndi kukhalitsa, iye sanathepo kuchichiza, ndiponso sanaonepo wina akuchichiza. Patapita zaka mazana asanu ndi anayi, mpeni wa opaleshoni ndi cheza cha radiation zinali kupulumutsa ana owerengeka a zotupa zooneka, koma pa khansa ya m'magazi, imene ndiyo imagwira ana ambiri ku Ulaya ndi ku America, panalibe pogwira. Magazi sadulidwa ndi mpeni. Mwana akapezeka nayo, ankamuika magazi, kumuchepetsera ululu, n'kuuza makolo kuti akonzeke, pakuti imfa inkafika pasanathe miyezi yochepa.

Kusintha kunayambira ku Boston. Kumapeto kwa 1947, Dokotala Sidney Farber anayamba kubaya ana mankhwala otchedwa aminopterin, amene amatsekereza vitamini folic acid yemwe maselo a khansa amamufuna kuti achulukane. Mu 1948 analengeza kuti mwa ana 16, ana 10 anapeza bwino kwa kanthawi: chilakolako cha chakudya chinabwerera, ena anadzuka n'kumasewera. Nthendayo inabwereranso, komabe chinali chitadziwika kuti mankhwala angathe kuibweza.

M'chaka chomwecho, pulogalamu ina ya pa wailesi inaulutsa mawu a mnyamata wa zaka 12 wodwala khansa ya m'mwanabele, ali pabedi m'chipatala cha a Farber. Pobisa dzina lake anamutcha Jimmy, ndipo thumba la ndalama limene linayamba tsikulo likudziwikabe kuti Jimmy Fund. Kwa zaka 50 ambiri ankangoganiza kuti Jimmy anamwalira kalekale, monga anzake a m'chipindamo. Mu 1998 anatulukira: dzina lake linali Einar Gustafson wa ku Maine, woyendetsa magalimoto akuluakulu, bambo wa ana komanso agogo. Anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 65. Nkhani yake ikuulula maganizo a nthawi imeneyo. Ambiri sanaganize zomulondola, chifukwa sankayembekezera kuti mwana wa khansa angadzamere imvi.

Kampala ndi Memphis

Gawo lina la mbiriyi linachitikira kuno ku Africa. Mu 1958, Dokotala Denis Burkitt wa pa chipatala cha Mulago ku Kampala analongosola chotupa cha m'nsagwada chimene chimakula mofulumira mwa ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000, akufunsa m'zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za m'dziko lathu lino, limene panthawiyo linali Nyasaland. Anapeza kuti chotupachi chimakonda madera otsika, otentha ndi achinyezi, kumene malungo achuluka. Chodabwitsa chinali chakuti mankhwala monga cyclophosphamide ankachiphwetsa m'masiku ochepa, ndipo ana ena ankachira ndithu. Ana a ku Africa anali m'gulu la oyamba kutsimikizira dziko kuti mankhwala paokha angathe kuchiza khansa.

Mu 1962 ku Memphis kunatsegulidwa chipatala cha St. Jude, chimene anachiyambitsa msangalatsi Danny Thomas, Mkhristu wobadwa kwa makolo ochokera ku Lebanon, mothandizidwa ndi mabanja a ku Lebanon ndi Syria okhala ku America. Chinkalandira ana akuda ndi azungu m'zipinda zimodzi pa nthawi imene tsankho linali lamphamvu m'dera limenelo. Pamene chinkatsegulidwa, mwa ana 100 alionse a khansa ya m'magazi yofala kwambiri, pafupifupi 4 okha ndiwo ankapulumuka. Mkulu wake woyamba, Dokotala Donald Pinkel, anaona kuti mankhwala akayeretsa magazi, maselo ena a khansa amakabisala mu ubongo ndi m'madzi a mumsana, kumene mankhwala safika bwino. Choncho anaphatikiza mankhwala angapo operekedwa kwa zaka ziwiri kapena zitatu, mankhwala obaya mumsana, ndi cheza cha radiation chowalitsidwa pamutu. Mwa ana amene analandira chithandizochi mu 1967 ndi 1968, pafupifupi theka anachira. Shifaa inali itafika.

Walira mvula walira matope

Maulama a Usul al-Fiqh, kuyambira Imam al-Ghazali amene anamwalira mu 1111 mpaka Imam al-Shatibi wa ku Granada amene anamwalira mu 1388, anaphunzitsa kuti Shariya inadza kudzateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mbumba ndi chuma. Munthu akawerenga zimene madokotala anapeza mwa opulumuka oyambawo, amaona kuti moyo unagulidwa ndi mtengo wochotsedwa pa zinthu zinazo, ndipo ngakhale moyowo sunabwezedwe wathunthu.

Choyamba kuoneka chinali pa nzeru. Ana amene anawalitsidwa pamutu ali aang'ono anabwerera kusukulu, koma aphunzitsi anayamba kudandaula kuti akuchedwa kugwira zinthu, akuiwala msanga, masamu akuwakanika. Mu 1981 Dokotala Anna Meadows wa ku Philadelphia ndi anzake anasonyeza kuti nzeru za ana otere zinkatsika m'zaka zotsatira chithandizo, ndipo wamng'ono kwambiri ndiye ankapwetekeka kwambiri. Cheza chomwecho chinkawononga tiziwalo ta pansi pa ubongo tolamulira kukula, kotero ena anakhala aafupi msinkhu, ena anachedwa kutha msinkhu.

Chachiwiri chinali pa mbumba. Mankhwala a mtundu wa cyclophosphamide akachuluka, komanso cheza chikawalitsidwa pamimba kapena m'chiuno, zimawononga mbewu ya mwamuna ndi mazira a mkazi. Mwana wa zaka zisanu sadandaula za uchembere. Chilondacho chimadzatuluka patapita zaka 20, munthu atamanga banja, achibale atayamba kufunsa.

Chachitatu chinali pa moyo weniweniwo. Mankhwala ofiira otchedwa doxorubicin ndi abale ake amafooketsa mnofu wa mtima mwakachetechete, ndipo vutolo limatha kuonekera patapita zaka zambiri, nthawi zina mayi akakhala ndi pakati. Atsikana amene anawalitsidwa pachifuwa pochiza khansa ya Hodgkin anapezeka kuti pofika zaka 50, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse wadwala khansa ya m'mawere. Ena anagontha makutu chifukwa cha cisplatin, ena msana unapindika chifukwa mbali imene inawalitsidwa sinakule mofanana ndi inzake.

Chachinayi chinali pa chuma. Amene sanamalize sukulu, kapena amene thupi limatopa msanga, ntchito inkawavuta kupeza. Kafukufuku wophatikiza wa mu 2006 anapeza kuti opulumuka anali pa ulova kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo, ndipo opulumuka ku zotupa za mu ubongo, pafupifupi kasanu. Makampani a inshuwalansi ndi mabanki ankawakana kapena kuwalipiritsa zambiri chifukwa cha nthenda ya paubwana. Dziko la France linachita kukhazikitsa lamulo mu 2016 lakuti pakapita zaka zoikika chichirireni, munthu asakakamizidwenso kuulula khansa yakaleyo pofuna inshuwalansi ya ngongole.

Amene anaona zimenezi msanga anali Dokotala Giulio D'Angio, katswiri wa radiation yemwe anagwirapo ntchito ndi a Farber ku Boston. Mu 1975 analemba nkhani yochenjeza anzake kuti kuchiza pakokha sikukwanira, ndipo kuti mwana wochira lero asadzakhale wamkulu wolumala mawa. Anayankhula zimenezi pamene anzake anali pa chikondwerero, ndipo cheza chimene ankachenjezacho chinali chida cha ntchito yake yomwe.

Kuwawerenga mmodzimmodzi

Chenjezo limafuna umboni. Mu 1994 ku America kunayamba kafukufuku wamkulu wotchedwa Childhood Cancer Survivor Study, wolondola anthu amene anapezeka ndi khansa ali ana pakati pa 1970 ndi 1986 ndipo anakhala ndi moyo zaka zisanu kapena kuposa. Pofuna kuyeza mwachilungamo, ankawayerekeza ndi abale awo a bere limodzi, okulira m'nyumba imodzi, odya nsima ya mphika umodzi. Zotsatira za mu 2006 zinakhudza anthu 10,397, ambiri a iwo a zaka za m'ma 20. Mwa 100 alionse, 62 anali ndi nthenda yokhalitsa imodzi kapena zingapo, ndipo oposa 27 anali ndi nthenda yaikulu kapena yoika moyo pachiswe. Nthenda zazikuluzo zinali zowirikiza kasanu ndi katatu poyerekeza ndi abale awo.

Mu 2007 chipatala cha St. Jude chinayamba kuitana ana ake akale kuti abwerere adzapimidwe thupi lonse. Lipoti la mu 2013, lokhudza akuluakulu 1,713, linasonyeza kuti ambiri anali ndi mavuto a mtima, mapapo, makutu ndi ziwalo zina amene eni akewo sankawadziwa. Anawerengera kuti pofika zaka 45, oposa 95 mwa 100 amakhala ndi nthenda ina yokhalitsa, ndipo 80 mwa 100 amakhala ndi yaikulu. Thupi limene linalandira chithandizo cha m'zaka zoyambazo limakalamba nthawi isanakwane.

Ziwerengerozi n'zolemera, koma zinabala zipatso. Madokotala anasintha funso lawo. Poyamba ankafunsa kuti tiwonjezere chiyani kuti mwana achire. Tsopano anayamba kufunsa kuti tichotse chiyani mwanayo n'kuchirabe. Kafukufuku wa chotupa cha mu impso cha Wilms, amene a D'Angio anamutsogolera kuyambira 1969, anasonyeza kuti ana amene chotupa chawo chinali chisanatuluke mu impso ankachira popanda cheza. Muyezo wa mankhwala owononga mtima unatsitsidwa. Mu 2009 St. Jude inalengeza kuti inachiza ana a khansa ya m'magazi popanda kuwawalitsa pamutu modzitetezera, ndipo oposa 93 mwa 100 anali moyo patapita zaka zisanu. Chipatala chomwe chinabweretsa cheza cha pamutu chinathandizanso kuchisiya. Lipoti la mu 2016 linatsimikiza phindu lake: mwa opulumuka a kumayambiriro kwa m'ma 1970, oposa 12 mwa 100 anali atamwalira pofika zaka 15 chipezekereni ndi nthendayo, pamene mwa a m'ma 1990 anali 6 mwa 100.

Pa mbumba napo panapezeka njira. Anyamata otha msinkhu amasungirwa mbewu yawo mozizira asanayambe mankhwala. Mu 2004 ku Brussels kunabadwa mwana kwa mayi amene kachidutswa ka chiwalo chake chosunga mazira kanachotsedwa asanalandire mankhwala a khansa, n'kubwezeretsedwa atachira. Maulama anali ataunikira kale maziko a nkhani zotere: msonkhano wa International Islamic Fiqh Academy ku Amman mu 1986 unaloleza kuthandizira kubereka mwa njira za chipatala, malinga mbewu ndi ya mwamuna, dzira ndi la mkazi wake, ndipo awiriwo ali mu ukwati.

Zimene eni akewo amanena

Kungakhale kulakwa kuwaona anthuwa ngati odwala okhaokha. Ofufuza atawafunsa za umoyo wawo, ambiri anayankha kuti ali bwino mumtima ndipo akukhutira ndi moyo wawo. Ambiri anaphunzira, anakwatira, anabereka. Ena amanena kuti nthendayo inawaphunzitsa kulemekeza tsiku lililonse. Amene amavutika kwambiri amadziwika: ochira zotupa za mu ubongo ndi za m'mafupa, owalitsidwa pamutu, okhala ndi ululu wosatha, osamaliza sukulu, osowa ntchito ndi osowa wokhala naye. Tikayang'anitsitsa mndandanda umenewu, tiona kuti theka lake linachokera ku mankhwala, theka linalo likuchokera kwa anthu. Chipsera cha opaleshoni chimapola, koma kusalidwa posankha wolemba ntchito kapena wokwatirana naye kumabwereza chilondacho chaka ndi chaka.

Pali chinthu china chimene kafukufuku wa ku America ndi ku Denmark anachipeza, chimene ankhoswe ayenera kuchimva: ana obadwa kwa opulumuka sabadwa ndi zilema mochuluka kuposa ana a anthu ena. Kupatula mitundu yowerengeka yoyenda m'magazi a banja, monga khansa zina za m'diso, khansa ya paubwana sipita kwa ana. Ndiponso sipatsirana pokhudzana, podyera limodzi kapena pokhalira limodzi m'banja.

Udindo wathu

Bungwe la WHO limawerengera kuti chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa. M'mayiko olemera oposa 80 mwa 100 amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30 mwa 100. Mu 2018 bungweli linaika cholinga chakuti pofika 2030, ana 60 mwa 100 azichira pa dziko lonse. Asilamu sali kutali ndi ntchitoyi. Ku Cairo, chipatala cha khansa ya ana chotchedwa 57357 chinamangidwa ndi zopereka za anthu, chinatsegulidwa mu 2007, ndipo chimachiza ana kwaulere. Kuno kwathu, zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi zipinda za ana a khansa, ndipo chotupa cha Burkitt, bwenzi la malungo, ndi chimodzi mwa zimene zimabweretsa ana ambiri m'zipindamo. Madera a m'mphepete mwa nyanja, kumene Asilamu tili ochuluka, ndi mtundu womwewo wa malo otsika ndi otentha amene a Burkitt anawaloza. Vuto lathu loyamba likadali shifaa: kufika kuchipatala mochedwa, kusowa ndalama yoyendera, kusiyira chithandizo panjira. Koma ochira alipo kale pakati pathu, ena a impso imodzi, ena a diso limodzi, ena a mwendo umodzi, ndipo Insha Allah adzachuluka. Sitikuyenera kudikira zaka 30 kuti tiphunzire zimene ena anaphunzira kale ndi misozi.

Kholo lisunge buku la kuchipatala la mwana ngati chikalata cha munda, ndipo lipemphe kuti mulembedwe dzina la nthenda, mayina a mankhwala ndi kuchuluka kwake. Dokotala amene adzamuone mwanayo ali ndi zaka 30 sadzadziwa choyang'ana pa mtima kapena pa impso ngati bukulo linatayika. Mwanayo akakula auzidwe chimene anadwala, pakuti thupi ndi amana imene adzaisunga yekha, ndipo sangasunge chimene sachidziwa. Mtsikana wochira akaima, anene mbiri yake kusikelo kuyambira ulendo woyamba.

Ife aphunzitsi a madrasa tidziwe kuti mwana wobwera kuchokera ku chithandizo atha kuchedwa kuloweza, kapena kusamva bwino mawu ochokera kumbuyo. Mkwapulo sungabweze chimene mankhwala anatenga. Akhale kutsogolo, apatsidwe ma ayah ochepa, abwereze kambirimbiri, ndipo tikumbuke kuti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti wowerenga Qur'an movutikira ali ndi malipiro awiri. Wamkulu wa impso imodzi kapena wa mtima wofooka afunse dokotala Ramadhan isanafike, ndipo akalangizidwa kusasala, atenge chilolezo chimene Allah anapereka popanda manyazi, ifenso tisamuloze chala.

Pa nkhani ya ukwati pakufunika choonadi mbali zonse ziwiri. Wochira anene mbiri yake kwa amene akufuna kumanga naye banja, makamaka ngati anauzidwa kuti kubereka kungadzavute. Banja linalo lisamukane pa mphekesera ndi mantha opanda umboni, koma apite kuchipatala akafunse. Ndipo makomiti a m'mizikiti, pogawa zakaat ndi swadaqa, akumbuke kuti tsiku limene mwana watulutsidwa m'chipatala zosowa zake sizinathe: pali ulendo wokapimidwanso, fizi ya zaka zimene anatsalira, mwendo wochita kupanga umene umafuna kusinthidwa pamene iye akukula, ndi mpamba woyambira ntchito yogwirizana ndi mphamvu zake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Shifaa Allah amaidzeretsa m'manja mwa madokotala, ndipo mbiri yaonetsa kuti iwo anaphunzira kufewetsa manjawo. Gawo lalikulu la afiya amalidzeretsa m'manja mwa kholo, mphunzitsi, nkhoswe, wolemba ntchito ndi jamaa yonse. Tipempha Allah kuti achize ana athu odwala, awapatse afiya amene anachira, alimbitse mitima ya makolo amene anaika ana awo m'manda, ndipo atipange ife kukhala njira ya ubwino kwa onsewo. Ameen.